Bambo akupuma pantchito, mayi ali ndi BP ndi shuga: tiwalipirire sikimu iti ya chipatala?

"Ndithandizeni maganizo. Ndine mwana wachisamba m'banja la ana anayi. Bambo athu akwanitsa zaka 60 ndipo akupuma pantchito kumapeto kwa chaka chino pa kampani ina ku Blantyre. Zaka zonsezi iwo ndi mayi akhala pa sikimu ya chipatala ya kuntchito, ndipo tamva kuti akangopuma khadi lisiya kugwira ntchito. Mayi ali ndi zaka 57, amamwa mankhwala a BP ndi a shuga tsiku lililonse. Onse awiri akufuna kubwerera kumudzi ku Mulanje. Anafe tagwirizana zosonkherana, koma mlongo wanga amene ali ku Johannesburg akuti titenge sikimu yodula kwambiri, pamene mlongo wanga wina akuti kumeneko n'kutaya ndalama poti chipatala cha boma n'chaulere. Ine mutu waima." Mayi wa ku Lilongwe.

Achemwali, mtima ukhale m'malo. Mwafunsa pa nthawi yake, khadi la bambo lidakali lamoyo. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza mabanja pa nkhani za masikimu a chipatala, ambiri amandipeza madzi atafika kale m'khosi: kholo lili pabedi, bilu ili m'manja, khadi linafa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Inu muli ndi miyezi ingapo yokonzekera, ndipo miyezi imeneyi ndi yamtengo wapatali kuposa ndalama imene mudzasonkhe.

Choyamba kuchita sikusankha sikimu ayi. Sabata ino bambo apite ku ofesi yoona za ogwira ntchito pakampani pawo, kenako ku ofesi ya bungwe limene lili ndi sikimu yawo, akafunse funso limodzi: kodi ndikapuma ndingapitirize umembala wanga pandekha, osadukiza ngakhale mwezi umodzi, ndipo ndidzalipira zingati? Afunsenso ngati kampani ili ndi dongosolo losunga anthu opuma pa sikimu yake, chifukwa malo ena antchito amatero koma salengeza. Yankho lake alitenge lolembedwa, la pakamwa silithandiza tsiku la mkangano. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa munthu wa zaka 60 amene akupitiriza umembala ndi munthu wa zaka 60 amene akugogoda pakhomo ngati mlendo, bungwe limawaona mosiyana kwambiri. Wopitiriza nthawi zambiri amakhala atadutsa kale nthawi yodikira, ndipo matenda ake akudziwika kale m'mabuku. Mlendo angathe kuuzidwa kuti zaka zake zapitirira malire olandirira mamembala atsopano, kapena kulandiridwa pa mtengo wokwera, kapena kuuzidwa kuti matenda amene wabwera nawo sadzalipiridwa kwa nthawi yakutiyakuti. Kudukiza miyezi iwiri kapena itatu kungasandutse bambo anu mlendo pa bungwe limene alilipira zaka makumi awiri.

Musaone ngati mabungwewa amadana ndi okalamba. Sikimu ya chipatala ili ngati chipereganyu chachikulu: anthu ambiri amaponya mwezi ndi mwezi, amene wadwala ndiye amatapa. Mnyamata wa zaka 28 amaponya chaka chonse n'kutapa kamodzi atadwala malungo. Mayi anu amatapa mwezi uliwonse, ndipo adzatero moyo wawo wonse, chifukwa BP ndi shuga sizichira, zimangowongoleredwa. Bungwe likamalandira anthu okhawo amene akudziwa kuti atapa mawa, thumba lingaume. N'chifukwa chake pali chimene amachitcha waiting period, nthawi imene mumalipira koma simunayambe kuthandizidwa pa zinthu zina. Kutalika kwake kumasiyana bungwe ndi bungwe, ndiponso chithandizo ndi chithandizo: ya kuonana ndi dokotala imakhala yaifupi, ya opaleshoni, magalasi, mano, kapena chithandizo cha kunja kwa dziko imakhala yaitali. Pemphani kuti akulembereni nthawi yodikira ya chinthu chilichonse payokha.

Ngati mudzalowe bungwe latsopano, chonde musabise matenda a mayi polemba fomu. Ndinaonapo banja lina, ana anzeru ndithu, amene analangizidwa ndi mnzawo kuti asalembe za shuga ya bambo awo poopa kuti mtengo ukwera. Patapita miyezi, mkuluyo anagonekedwa ndi bala la kuphazi losapola. Dokotala analemba mbiri yonse monga mwa ntchito yake, kuti wodwalayu wakhala pa mankhwala a shuga zaka zambiri. Bungwe litaona kusiyana kwa fomu ndi lipoti la dokotala linakana bilu yonse, ndipo ndalama zonse zimene anapereka miyezi ija zinapita pachabe. Zinandiwawa chifukwa akanaulula poyamba akanangodikira nthawi yoikika basi. Buku la kuchipatala la mayi limanena zoona, ndiye fomu nayo inene zomwezo.

Tsopano tifike pa kusankha. M'Malawi muno dzina limene aliyense amalidziwa ndi MASM (Medical Aid Society of Malawi), moti ena sikimu iliyonse amangoitcha MASM, ndipo ili ndi magawo osiyana monga Econoplan, Executive ndi VIP. Alipo mabungwe enanso, ndipo n'kwabwino kutenga mapepala a awiri kapena atatu n'kuwayala patebulo. Koma dzina la gawo lisakukopeni, ngakhale kapepala konyezimira kokhala ndi chithunzi cha agogo akumwetulira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene mukufuna ndi pepala la malire a chithandizo, limene limanena kuti pa chaka bungwe lidzalipira mpaka ndalama zingati pa kuonana ndi dokotala, zingati pa mankhwala, zingati pa kuyezetsa magazi ndi kujambula, zingati pa kugonekedwa. Chiwerengero chachikulu cholembedwa pamwamba, chija amati chithandizo mpaka mamiliyoni akutiakuti pachaka, sichikuuzani zambiri, chifukwa chimagawidwa m'timatumba ting'onoting'ono, ndipo kathumba kamodzi kakatha simungatape m'kena.

Kwa mayi anu kathumba kofunika kwambiri ndi ka mankhwala a matenda a mgonagona. Chitani chonchi: tengani mabotolo ndi mapaketi onse amene amamwa, kaya ndi metformin, amlodipine, enalapril kapena ena, mupite nawo ku famase mukafunse mtengo wa mwezi umodzi wogula ndi ndalama zanu. Muchulukitse ka 12. Muwonjezerepo kuonana ndi dokotala kangapo pachaka, kuyezetsa shuga wa miyezi itatu amene amati HbA1c, kuyezetsa impso kamodzi pachaka, ndi kuonetsa maso kamodzi pachaka, poti shuga amadya maso ndi impso mwakachetechete. Chiwerengero chimene mupeze ndicho mtengo weniweni wa thanzi la mayi m'chaka chimene sanadwale china chilichonse. Kenako funsani bungwe: mankhwala awa, ndi mayina awo, mumalipira? Mumalipira onse kapena gawo? Kodi pamafunika kulembetsa kaye ngati wodwala matenda a mgonagona? Nanga dokotala akadzati mayi ayambe jakisoni wa shuga wa insulin, ndi timapepala toyezera shuga kunyumba, zimenezo zili mkati? Ndaona makadi ambiri akutha mphamvu pa mankhwala mwezi wa Ogasiti, banja n'kumagula lokha mpaka chaka cha sikimu chitatha.

Palinso mawu amodzi amene muyenera kuwazolowera: shortfall. Iyi ndi ndalama imene mumawonjezera nokha pawindo ngakhale muli ndi khadi. Imabwera m'njira ziwiri. Nthawi zina sikimu inanena kale kuti idzalipira gawo chabe la bilu. Nthawi zina chipatala chimatchaja mtengo woposa umene bungwe linavomereza, ndipo kusiyanako kumagwera inu. Mwachitsanzo chabe, ngati sikimu ilipira 80 pa 100 iliyonse ndipo bilu ya kugonekedwa yafika K2,000,000, inu mupereke K400,000 musanatuluke. Pa chimfine shortfall siwawa. Pa opaleshoni imawawa kwambiri, ndipo opaleshoni ndi imene ikudikira anthu a msinkhu wa makolo anu. Sikimu yotsika mtengo pamwezi kawirikawiri imabweza ndalama yakeyo pa shortfall.

Nkhani imene alongo anu onse awiri aiphonya ndi ya Mulanje. Khadi limagwira ntchito pokhapokha pali chipatala chimene chikulilandira. Ku Blantyre bambo anazolowera kuti akamva mutu amayenda mphindi zochepa n'kufika ku kiliniki, kapena ku Mwaiwathu, kapena ku Blantyre Adventist. Kumudzi sizidzakhala choncho. Kufupi nawo kudzakhala chipatala cha boma cha pa boma, Mulanje Mission imene ili pansi pa CHAM (bungwe la zipatala za mishoni), ndi timakiliniki tochepa. Pemphani mndandanda wa zipatala ndi mafamase amene akulandira khadilo m'boma la Mulanje, ndipo musakhutire ndi mndandandawo: imbani kapena pitani pa chipatala chenichenicho mukafunse ngati lero lino akulandira khadi la bungwe limenelo, ndi gawo liti. Mndandanda umakalamba, mgwirizano wa chipatala ndi bungwe umatha kuima. Ngati mankhwala a mayi azikatengedwa ku Blantyre mwezi uliwonse, ulendo woposa ola limodzi pa minibasi kupita kokha, muwerengere thiransipoti ndi kutopa kwa munthu wamkulu, ndipo mufunse ngati angapatsidwe mankhwala a miyezi iwiri kapena itatu nthawi imodzi. Sikimu yapamwamba imene zipatala zake zonse zili m'tauni, kwa munthu wa kumudzi ili ngati galimoto yabwino yopanda mafuta.

Mlongo wanu amene akuti chipatala cha boma n'chaulere musamunyoze, ali ndi mfundo. Madokotala ambiri a ukatswiri m'chigawo cha kummwera ali ku Queen Elizabeth, ndipo ena mwa iwo ndi omwewo amene mumawapeza madzulo ku zipatala zolipira. Makina otsuka magazi a odwala impso ali ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central. Ng'ala amachotsa ku chipatala cha maso cha Lions. Zipatala za m'maboma zili ndi masiku a kiliniki ya BP ndi shuga. Munthu akagwa mwadzidzidzi usiku ku Mulanje, adzayambira ku chipatala chapafupi, kaya ali ndi khadi kaya alibe. Koma mlongo wanuyo akudziwanso zimene tonse timadziwa: kuti nthawi zina umauzidwa kuti mankhwala atha kagule, kuti mzere wa opaleshoni yosakhala yadzidzidzi umatalika, kuti makina ojambulira akawonongeka umatumizidwa kolipira. Kwa munthu wa BP, mwezi umodzi wopanda mankhwala si nkhani yaing'ono, ndi njira ya ku sitiroko. Ndiye sikimu sikuti ikulowa m'malo mwa chipatala cha boma, ikutseka mipata imene chipatala cha boma chimasiya. Mabanja ambiri amene zinthu zimawayendera amagwiritsa ntchito zonse ziwiri mopanda manyazi.

Ine ndikamayeza sikimu ya munthu wachikulire, maso anga amathamangira pa matenda akuluakulu, chifukwa mankhwala a pamwezi ana anayi ogwira ntchito angathe kugula, koma sabata ziwiri m'chipinda cha odwala mwakayakaya zimagulitsa munda. Ganizirani zimene zimagwera anthu a zaka za m'ma 60 ndi 70. Abambo ambiri amayamba kuvutika pokodza chifukwa cha kukula kwa prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo ena amafunika opaleshoni. Ng'ala imabwera pafupifupi kwa aliyense amene wakalamba mokwanira. Kugwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Sitiroko, imene ikadutsa imasiya miyezi ya mafizo. Impso zikafooka, kutsuka magazi kumafunika kangapo sabata iliyonse, osalekeza. Ndiye khansa. Pa chilichonse mwa izi funsani mwachindunji: zili mkati kapena ayi, malire ake ndi angati, nthawi yodikira ndi yotani? Funsani ngati chitsulo choika m'chiuno kapena galasi loika m'diso zimalipiridwa, chifukwa masikimu ena amalipira dokotala ndi bedi koma osati chipangizocho. Funsani za ambulansi yochokera ku Mulanje. Funsani ngati kugonekedwa kumafuna chilolezo cha bungwe pasadakhale, ndi nambala yoimba usiku kapena Lamlungu.

Za chithandizo cha kunja, ku India kapena ku South Africa, ndizo zimakopa anthu ku magawo odula, ndipo ndikuganiza kuti ndi zimene zili m'mutu mwa mlongo wanu wa ku Johannesburg. Werengani gawo limenelo modekha. Kawirikawiri wodwala sangodzisankhira kupita. Pamafunika kalata ya dokotala wa ukatswiri yonena kuti chithandizocho kuno kulibe, ndipo bungwe livomereze. Onani ngati tikiti ya ndege, malo ogona, ndi munthu womuperekeza zili mkati. Onaninso malire ake mu makwacha n'kuwayerekeza ndi madola, chifukwa chipatala cha kunja sichitchaja mu makwacha.

Pamenepa ndi pamene ndikusiyana maganizo ndi mlongo wanuyo. Funso si lakuti sikimu yabwino kwambiri ndi iti, koma ndi iti imene mungailipire mosadukiza kwa zaka 15 kapena 20 zikubwerazi. Kumbukirani kuti mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mankhwala ndi zipangizo zambiri za chipatala timaitanitsa kunja, kotero kwacha ikagwa mabilu amakwera, ndipo ndalama ya pamwezi ya sikimu imatsatira. Makolo akamakula mtengo ungakwerenso chifukwa cha zaka. Mtengo wa lero ndi wotsikitsitsa umene mudzauone. Lero mlongo wanu ali pantchito ndipo randi ikumukomera, koma ntchito za kunja zimatha, iyenso adzakhala ndi ana a sukulu. Choopsa kwambiri chimene ndimachiona ndi banja lolowa gawo lapamwamba ndi chimwemwe, kulipira zaka zitatu makolo ali bwinobwino, kenako kulephera chaka chachinayi, umembala n'kufa pamene bambo afika zaka 64 ndipo matenda ayamba kugogoda. Kuli bwino gawo lapakati limene simudzaphonya mwezi. Musanasaine funsani malamulo osinthira gawo: kutsika nthawi zambiri n'kosavuta, kukwera kumabwera ndi nthawi yodikira yatsopano. Mufunsenso kuti mukachedwa kulipira amakupatsani masiku angati asanaimitse khadi.

Pali njira zina ziwiri zoti muzifufuze. Ngati wina mwa ana anayinu ali pa sikimu ya kuntchito, afunse ngati amaloledwa kuwonjezera kholo, ndi pa mtengo wanji; kungoti akadzasiya ntchitoyo funso la lero lidzabweranso, makolo atakulirapo. Ndipo funsani ngati mayi ndi bambo angakhale pa magawo osiyana. Mabungwe ena salola, koma kumene amalola, n'zotheka kuika amene ali ndi matenda a mgonagona pa gawo lokhala ndi kathumba kokulirapo ka mankhwala.

Chenjerani ndi zinthu zimene zimafanana ndi sikimu ya chipatala koma si sikimu. Inshuwalansi ya maliro imalipira munthu akamwalira, sigula panado ngakhale mmodzi. Inshuwalansi ina imapereka kandalama kakutikakuti pa usiku uliwonse umene munthu wagona m'chipatala. Kamathandiza pa chakudya ndi thiransipoti ya womudikirira, koma sikalipira bilu. Zonsezi zili ndi ntchito yake, koma wogulitsa akamalankhula mothamanga mufunseni kuti: bambo anga akagonekedwa, bilu mulipira inu kapena ine?

Za kusonkherana, ndikulankhula monga munthu amene waona abale akusiya kuyankhulana chifukwa cha K50,000. Musankhe munthu mmodzi wolipira ku bungwe, makamaka kudzera ku banki tsiku lokhazikika, ndipo ena atatu azitumiza kwa iyeyo tsikulo lisanafike, kaya pa Mpamba, Airtel Money kapena ku akaunti. Mulembe zimene mwagwirizana, ngakhale pa gulu lanu la WhatsApp. Musagawane mofanana ngati mapezedwe anu ndi osiyana, aliyense anene zimene angakwanitse ngakhale mwezi woipa. Ndipo pambali pa ndalama ya sikimu, muziika kenakake mwezi uliwonse m'akaunti yapadera ya shortfall, thiransipoti ndi mankhwala amene khadi lakana. Ngati mlongo wa ku Johannesburg ali ndi mphamvu zoposa anzake, ndalama imene amafuna kuwonjezera pa gawo lodula aiponye m'thumba limeneli. Imeneyo ndi yanu, siifa mukaphonya mwezi. Bambo akalandira ndalama ya penshoni ya nthawi imodzi, padzabwera zofuna zambiri, malata, feteleza, abale. Kambiranani nawo mwaulemu kuti gawo lina lilowe m'thumba lomweli lisanamwazike.

Ndanena kuti kambiranani nawo, ndipo ndikutanthauzadi. M'kalata yanu ndamva maganizo a ana atatu, koma sindinamve a eni thupi. Bambo amene asamalira banja zaka zonsezi sangakondwe kumva kuti ana akonza zonse kumbali. Mwina ali ndi dokotala amene amamukhulupirira, mwina akudziwa za sikimuyo zimene inu simukudziwa. Khalani nawo pansi ndi mapepalawo.

Khadi la kuntchito lisanathe, onse awiri akapimidwe mokwanira. Bambo ayezetse BP, shuga, impso, maso, ndipo akambe ndi dokotala za prostate ngakhale akuchita manyazi. Anthu ambiri a BP samva kalikonse m'thupi. Mayi aonetse maso, mapazi ndi impso, ndipo ngati pali dzino lofuna kuchotsa kapena magalasi ofuna kusintha, achitiretu. Apemphe dokotala wawo wa ku Blantyre kalata yofotokoza mbiri ya matenda ndi mankhwala onse, yoti akaipereke kumene azikaonedwa ku Mulanje.

Bungwe likadzakana kulipira bilu imene mukuona kuti ili mkati mwa mgwirizano, musakangane ndi wa pawindo. Pemphani kalata yonena chifukwa chake ndi ndime ya malamulo imene atsamira, mulembe dandaulo kwa akuluakulu a bungwelo mutaphatikiza lipoti la dokotala ndi malisiti, ndipo zikakanika mungathe kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, imene imalandira madandaulo a ogula. Ngati mapepala a masikimu akukuzunguzani, pitani nawo kwa dokotala amene amaona mayi. Iye amadziwa bwino kuti ndi makadi ati amene amavuta pa mankhwala awo.

Koma pali nthawi imene simuyenera kufunsa za khadi n'komwe. Mayi kapena bambo akapindika pakamwa, dzanja kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, akayamba kulankhula zosamveka, akamva kupweteka kothina pachifuwa, akabanika, mkodzo ukatsekeka, kapena mayi akayamba kutuluka thukuta, kunjenjemera ndi kusokonezeka atamwa mankhwala a shuga osadya, athamangire nawo ku chipatala chapafupi nthawi yomweyo, cha boma kapena cha mishoni. Pa vuto la shuga wotsikalo, ngati akutha kumeza, apatseni kaye madzi a shuga kapena chakumwa chotsekemera muli m'njira. Bungwe mudzaliimbira mutafika. Amene azikhala pafupi ndi makolo kumudzi adziwe zizindikiro zimenezi, akhale ndi nambala ya munthu wa galimoto wodalirika, ndipo khadi, buku la kuchipatala ndi mndandanda wa mankhwala zizikhala m'kachikwama kamodzi pamalo amene aliyense m'nyumbamo akuwadziwa.